Mwana wanga akuvutitsa kusukulu ya mkaka, ndimukwapule?

FUNSO: Ndili ndi mwana wamwamuna wa zaka 4 amene aphunzitsi ake akudandaula kuti amamenya anzake, sakhazikika ndiponso amalira pa zinthu zosadziwika bwino. Ine ndimagulitsa kaunjika mumsika wa Zomba ndipo ndimafika pakhomo kutada, choncho timadya nsima mochedwa, iye n'kumaonera makatuni pafoni yanga mpaka 10 koloko usiku. Ndimamudzutsa 5:30 m'mawa. Apongozi anga akuti ndamulekerera ndipo akufunika chikwapu. Kodi ndichite chiyani?
Mayi wodandaula, Chinamwali

YANKHO: Mayi, musanathyole chikwapu, yambani mwawerenga maola amene mwanayu akugona. Kuchokera 10 koloko usiku kufika 5:30 m'mawa ndi maola 7 ndi theka, pamene malangizo amene bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linatulutsa mu 2019 amati mwana wa zaka 3 kapena 4 azigona maola 10 mpaka 13 pa tsiku, kuphatikizapo tulo ta masana.

Chimene chimanyenga makolo ambiri n'chakuti munthu wamkulu akasowa tulo amayasamula n'kufooka, koma mwana wamng'ono kawirikawiri amangothamangathamanga, kulanda zidole za anzake ndi kudzigwetsa pansi akakanizidwa kanthu, moti woona amaganiza kuti mphamvu zamuchulukira. Pa msinkhu umenewu mbali ya ubongo yothandiza kudziletsa imakhala ikukula, ndipo kutopa kumaifooketsa msanga. Vutoli likakhalitsa, mwana angayambenso kukhala ndi nkhawa komanso kulephera kugwira zimene waphunzira. Apongozi anuwo aona zoona kuti khalidwe lasintha, koma chikwapu sichibweza tulo, ndipo mwana wogona ali ndi mantha amavutikanso kugona.

Foniyo ndiyo ndikuikayikira kwambiri. Kuwala kwake kumachedwetsa melatonin, timadzi ta m'thupi timene timabweretsa tulo kukada, ndipo makatuniwo amagalamutsa maganizo. WHO imati mwana wa msinkhu umenewu asapitirire ola limodzi pa tsiku akuonera zoterezi, ndipo ine ndikuti olalo lisakhale la usiku. Tiyi wamasamba ndi zakumwa monga Coca-Cola nazonso zimathamangitsa tulo, choncho musamupatse madzulo.

Sindikuti musiye geni yanu. Pemphani amene amatsala naye kuti amupakulire chakudya msanga, asadikire nsima ya akuluakulu, kenaka amusambitse, amufotokozere nthano ndi kumugoneka m'neti. Akagona 7:30 madzulo adzakwanitsa maola 10. Musalumphire nthawi imeneyi tsiku limodzi, chifukwa adzangokhala maso gwa. Muzichotsako mphindi 15 pakatha masiku awiri kapena atatu, ndipo nthawi yogonayo isasinthe ngakhale Loweruka. Funsaninso aphunzitsi ngati ana amapatsidwa mpata wogonako masana.

Usiku wina mudzamuyang'ane ali m'tulo. Ngati akuliza mkonono kwambiri, akupuma ndi pakamwa kapena akubanika, mwina zilipo zotupa kukhosi zimene zikumutsekereza mpweya. Ngati akukanda kumatako, angakhale ndi tinyongolotsi ta m'mimba timene timayabwitsa usiku, ndipo musaiwale kuyang'ana nsikidzi pamphasa kapena pamatilesi. Mukaona zizindikiro zimenezi, kapena pakatha mwezi akugona mokwanira koma khalidwe osasintha, pitani naye kusikelo kapena kuchipatala cha Matawale, komwe angakutumizeni ku Zomba Central Hospital ngati pangafunike kumupima mozama.