Bwana akangoyankha kuti "cool", wavomera kapena wanyansidwa?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mchemwali wina amene amasamalira okalamba ku Leeds, m'dziko la England. Analembera bwana wake uthenga wautali wopempha tchuthi cha masiku awiri, bwanayo n'kungoyankha liwu limodzi: "cool". Tsono akufunsa ngati wavomera kapena wanyansidwa naye.

Achemwali, imelo yanu ndinaiwerenga katatu, chifukwa liwu limeneli linandipwetekapo ineyo.

Chaka changa choyamba ku Johannesburg ndinkagwira ntchito pamalo ena ogona alendo. Tsiku lina kunabwera mayi wina atapsa mtima chifukwa cha chipinda chimene anamupatsa. Ine ndinachita zimene agogo anga anandiphunzitsa ku Ntcheu: wamkulu akamakalipa umakhala phee, maso pansi, mawu ochepa. Mayi uja atachoka, wotiyang'anira anandiitanira pambali n'kundiuza kuti ndinali "cool towards the guest". Ndinathokoza. Anyamata apantchitopo ankatchula "cool" pa chilichonse chowasangalatsa, kaya nsapato, nyimbo kapena galimoto, ndiye ndinkati akundiyamikira. Patadutsa masiku atatu anandipatsa kalata yondichenjeza. Iye ankatanthauza kuti mlendo ndinamulandira mopanda nsangala, ngati sindikumufuna. Ulemu wonse uja unaoneka ngati mwano. Usiku umenewo tulo sindinatione. Kumudzi anthu 6 ankadya kuchokera pa malipiro anga, ndipo ntchitoyo inatsala pang'ono kutha chifukwa cha kaliwu ka zilembo zinayi.

Kuyambira pomwepo liwuli ndimalitchera khutu paliponse. Chiyambi chake ndi nyengo. Ndi lakalekale m'Chingerezi, mbale wake wa "koel" wa Chiafrikaans ndi "kühl" wa Chijeremani. Limanena kuzizirira kokoma kuja, kwa madzi a mumtsuko kapena kwa mthunzi wa mango mu Okutobala. Chisanu cha ku Dedza mu Juni ndi china, chimenecho amati "cold". Ngakhale azamankhwala analiikira malire: m'mabuku awo a ku Ulaya ndi ku America, malo a "cool" ndi a madigiri 8 mpaka 15. Ndimadandaula ndikaona mankhwala oyenera kusungidwa pamalo otere ali pawindo m'nyumba yamalata masana, eni ake akuti bola si padzuwa.

Kuchoka panyengo liwuli linalowa mumtima. Eni Chingerezi nawonso mkwiyo amauona ngati moto, monga ife timati kupsa mtima. Choncho munthu amene mtima wake sugwira moto msanga amati ndi "cool", kutanthauza wodekha, ndipo akakuuza kuti "keep your cool" akuti ugwire mtima. Koma moto womwewo ndi umene umafunditsanso anthu. Ukazima pakati pa awiri, chotsala ndi moni wapakamwa chabe. Apa ndi pamene ndinagwera ine. "I am cool with it" ndiye kuti ndilibe nazo vuto, pomwe "she was cool towards me" ndiye kuti anandilandira ngati wodzapempha ngongole. Kusiyana kwake kuli pa timawu tating'ono totsatira, ndipo kusukulu palibe mphunzitsi amene anaimapo kuti atifotokozere. Zimenezi zimandiwawa mpaka lero. Tinaloweza matanthauzo a mawu ataliatali kuti tikhoze mayeso a Fomu 4, koma mawu afupiafupi amene amachotsetsa anthu ntchito tinangowadumpha.

Musayesenso kulimasulira ndi "kuzizira" kwathu, mungasochere. Kwathu munthu wozizira ndi wopanda changu, woti ukamutuma kumsika nsima imapola asanabwere. Timu ikamasewera mpira wozizira anthu amatuluka m'bwalo nthawi isanathe. Kuzizira nkhongono ndi kufooka ndi mantha. Pa miyambo ya mdulo akuluakulu amagawanso anthu kuti awa ndi otentha, awa ndi ozizira, ndipo imeneyo ndi nkhani ina yosiyaniratu. Mukauza mnyamata wa ku Ndirande kuti ndi wozizira mwamunyoza, pomwe mnzake wa ku London mukamuuza kuti ndi "cool" mwamuveka chisoti.

Tanthauzo loyamikirali linafalikira kuchokera kwa oimba jazi akuda a ku America m'zaka za m'ma 1940. Ambiri amatchula Lester Young, woimba sakisofoni, kuti ndi amene analitchukitsa, ndipo mu 1957 kunatuluka chimbale cha Miles Davis chotchedwa Birth of the Cool. Ine pamene ndimaima ndi apa. Anthu amenewa ankakhala pansi pa malamulo atsankho, m'dziko limene munthu wakuda kuonetsa mkwiyo kwa mzungu kunkatha kumuphetsa. Nkhope yosatekeseka inali chishango chawo, ndipo anaisandutsa ulemerero. Ndikakumbukira mmene ndinaimira pamaso pa mayi uja, mtima ukugunda koma nkhope ili zii, ndimaona kuti ndinali pafupi ndi tanthauzo limenelo kuposa amene anandilembera kalata. N'chifukwa chake sindisangalala kuona liwuli likugulitsira zakumwa ndi mafoni. Ndipo mwana wa mlongo wanga atayankha agogo ake pa WhatsApp kuti "cool", iwo atamulembera zoti amupempherera pa mayeso, ndinamuimbira foni tsiku lomwelo. Agogo sayankhidwa choncho. Pali "zikomo agogo", pali "ndamva", mawu athu sanathe.

Tsono za bwana wanu

"Cool" akaima yekha ngati yankho ndi "chabwino", kapena tinene "bho" ya achinyamata. Wavomera, achemwali. Ku England kumeneko kuyankha mwachidule pafoni si chizindikiro cha mkwiyo, ndipo akanakhala kuti wakana akanalemba zambiri zofotokoza chifukwa chake. Muyankheni mawu ochepa omuthokoza, mutchulemo masiku awiriwo ndi madeti ake, uthengawo muusunge, ndipo muonetsetse kuti dzina lanu lachotsedwa pa ndandanda ya ogwira ntchito masiku amenewo.