Kwa achemwali a ku Chinamwali amene akupita ku Glasgow

Achemwali, ndaona funso lanu. Mwapeza malo ophunzira unamwino ku Glasgow, ku Scotland, mukunyamuka mu Seputembala, ndiye mukufunsa ngati mukapirire kuzizira ndi ntchito ya mu wodi. Ine ndinakhalako zaka zitatu ndisanabwerere kuno ku Matawale. Anzathu ena amene akuyankhani kale atha mawu pa za majekete, choncho apo sindichedwapo. Jekete mukagula komweko, kapena pitani pa kaunjika mumsika wathuwu, pajatu zambiri zimachokera maiko omwewo.

Chimene chinandisautsa ine ndi mdima. Mu Disembala dzuwa limatuluka 8 koloko itadutsa kale, 4 koloko isanakwane lalowa. Mashifiti ambiri ndi a maola 12, ndiye umalowa mu wodi kuli bii, kutuluka kulinso bii. Munthu wozolowera kuona phiri la Zomba m'mawa uliwonse mtima umangofooka osadziwa chifukwa. A zaumoyo kumeneko amalangiza kumwa vitamini D kuyambira Okutobala mpaka Malichi, ndipo ife akhungu lakuda tisamachite nazo chibwana.

Koma nkhani yaikulu ndi iyi: kulibe magadiyani. Kuno ku chipatala cha Zomba Central mukudziwa, wodwala amabwera ndi mayi ake kapena mlamu wake, atanyamula beseni, chitenje ndi kapoto. Kusambitsa, kudyetsa phala, kuperekeza kuchimbudzi, ambiri amachita ndi achibale. Kumeneko ntchito yonseyo ndi ya ogwira ntchito mu wodi, ndipo wophunzira ndiye amayambira pomwepo. Sabata yanga yoyamba ndinadyetsa agogo ena a zaka zoposa 90, supuni imodziimodzi, tiyi wawo atazizira pa kathebulo. Nthawi yoona odwala itakwana anangoyang'ana kukhomo, osabwera munthu. Ndinakalira kuchimbudzi. Pambuyo pake ndinamva kuti mwana wawo ali ku Australia ndipo amaimba foni tsiku lililonse. Musafulumire kuwaweruza, moyo wawo unangoyalidwa mwina.

Chachiwiri ndi ulemu wathuwu. Tinaleredwa kuti wamkulu akamalankhula uziyang'ana pansi ndi kuvomera. Kumeneko ukayang'ana pansi amaganiza kuti ukubisa kanthu kapena sukumvetsera. Onjezanipo Chingerezi cha ku Glasgow, chothamanga ngati minibasi ya ku Limbe, chosiyana kutalitali ndi chimene munalemba pa mayeso. Tsiku lina namwino wondiyang'anira anandiuza kuti ndizilemba madzi onse amene bambo wina akumwa ndi mkodzo umene akutaya. Sindinamve, koma ndinavomera ndi mutu poopa kuoneka mbuli. Madzulo pepala lili mbee. Mwamwayi bamboyo sizinawavute, koma manyazi ake sindidzaiwala. Namwinoyo sanandikalipire, anangondiuza kuti wophunzira amene amamuopa ndi amene safunsa. Kuyambira pamenepo ndinkabwereza mokweza chilichonse chimene ndauzidwa, ngakhale ena aseke.

Mudzadabwanso kumva dokotala wamkulu akuitanidwa ndi dzina lake loyamba. Ine lilime linkakana, ndinatha miyezi ndikungoti adokotala. Ndipo wodwala simumugwira musanamupemphe, ngakhale pongomuyeza BP. Akakana mankhwala simumukakamiza, mumamufotokozera, mumalemba, n'kukauza wamkulu wanu. Zolembalemba n'zambiri moti dzanja limachita kuwawa.

Za ndalama, viza ya wophunzira wa digiri imalola maola 20 pa sabata nthawi ya sukulu. Musapyole ngakhale abale kuno akulizeni foni bwanji, chifukwa mukhoza kutaya zonse. Auzeniretu panopa muli pakhonde kuti chaka choyamba simutumiza kanthu. Akhumudwa, koma bola akhumudwe lero.

Amalawi ku Scotland aliko ndithu, ubale wake ndi wakale, paja Blantyre wathuyu anatengera dzina la kwawo kwa David Livingstone, pafupi ndi Glasgow pomwepo. Fufuzani tchalitchi kapena gulu lawo pa WhatsApp mwezi woyamba womwewo, musadikire kuti kusungulumwa kukupezeni. Ufa umapezeka m'mashopu a zakudya za ku Africa, wodula koma nsima imapsa. Nyama ndi zamkaka musanyamule, pa bwalo la ndege sazilola. Koma mthiko ndi chipande ikani m'chikwama, ine ndinathyola masupuni awiri amtengo ndisanaitanitse wanga kwa amayi.