Za diazepam mwafunsazi achemwali, imvani kaye izi

Achemwali mwati tulo sakubwera, mtima ukumangogunda usiku onse, ndiye mukufuna kudziwa komwe mungagule diazepam, mapilitsi ogonetsa ndi oziziritsa nkhawa, pa Nchalo ndi mtengo wake. Ine ndinena za mapilitsiwa chifukwa anatisautsa pakhomo.

Malume anga madzi a Freddy atawakokolera nyumba mu 2023, mvula ikangoyamba kulira pamalata ankadzuka n'kukhala pakhonde mpaka kucha, udzudzu ukuwadya. Wina wake wogulitsa mankhwala pamsika anawapatsa timapilitsi ta 5 mg, kapepala mwina 1,000 kwacha kapena kuposerako nthawi imeneyo. Sabata yoyamba anagona bwinobwino mpaka tinayamika. Mwezi wachiwiri kamodzi sikankagwiranso, anayamba tiwiri, kenako titatu, masana kumangosinza pansi pa mtengo, foni ayiyika okha koma akutifunsa ife, kuyenda dzandidzandi ngati alawa kachasu. Ndiye wogulitsa uja anangosowa, mapilitsi anatha. Masiku awiri oyamba zii, tinkati zatha bwino. Kenako manja kunjenjemera, thukuta kamukamu, tulo osabwera ndi pang'ono pomwe, mapeto ake anagwa pabwalo n'kumaphupha ngati wakhunyu, munthu woti chibadwire sanadwalepo khunyu. Tinathamanga nawo kuchipatala usiku.

Adokotala ndi amene anatimasulira. Diazepam, ena amati Valium, ali m'gulu la ma benzodiazepine pamodzi ndi lorazepam ndi alprazolam. Muubongo muli kemikolo yachilengedwe yotchedwa GABA, imene imagwira ntchito ngati buleki, kuziziritsa mitsempha. Mankhwalawa amaiwonjezera mphamvu GABA-yo, n'chifukwa chake amagoneka msanga, ndipo ndi omwewo amapatsa mwana akamakomoka ndi malungo. Koma mukamwa tsiku ndi tsiku ubongo umazolowera n'kufooketsa buleki yakeyake, ndiye mukawasiya mwadzidzidzi zili ngati kutsetsereka phiri la Thabwa panjinga yopanda buleki. Komanso diazepam amakhalitsa m'thupi masiku angapo, n'chifukwa chake malume sanagwe tsiku lomwelo. Ankayenera kumwa masabata awiri, akachuluka anayi, osati miyezi. Kuti asiye anachita kuwayambitsanso n'kumawachepetsera pang'onopang'ono, zinatenga nthawi ndithu.

Achimwene mwalemba pamwambapa kuti angotsitsira ndi kabotolo kamodzi agona, chonde musamaphe anthu. Mowa nawonso umapondereza ubongo, mukaphatikiza ndi diazepam kupuma kumachepa, munthu atha kugona osadzukanso. Tramadol, mankhwala othetsa ululu aja, chimodzimodzi. Ndipo ngati muli oyembekezera kapena mukuyamwitsa musakhudze musanaonane ndi achipatala. Agogo musamawagawire, amagwa nawo n'kuthyoka.

Sindikunena kuti ndi mankhwala oipa, ayi, akakulemberani adokotala kwa masiku ochepa amathandiza. Koma komwe mungagule popanda chikalata cha dokotala ine sindikuuzani. Pitani pachipatala cha boma pa Chikwawa kapena pa Nsanje, mukafunse namwino woona za matenda a maganizo, musachite manyazi, si amisala okha amapita kumeneko, ndipo simulipira, yanu ndi thiransipoti basi. Ngati ndi nkhawa yokhalitsa amatha kupereka ena monga fluoxetine, amenewo sagwira lero ndi lero, mumadikira masabata anayi kapena kuposa, ambiri amasiyira panjira poganiza kuti sakugwira. Malume chinawathandiza kwambiri ndi kukhala pansi n'kumakamba za usiku wa madzi uja, nkhani yoti kwa ife sankaitchula n'komwe.

Mukapita muwapemphe akuyezeni BP ndi magazi, chifukwa kuchepa magazi nakonso kumathamangitsa mtima, munthu n'kumati ndi maganizo. Tengani buku lanu lakuchipatala, ndipo mulawirire, dzuwa la kunoli pamzere ikakwana 10 koloko mumachita kuona chidima.