Bwanji fayiba sitingoipota ngati waya wa kopa? Yankho kwa m'bale wa ku Namwera

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa m'bale wina wa ku Namwera amene amaika masola ndi madishi m'nyumba za anthu. Ndaifupikitsa, koma mawu ndi ake:

"Achimwene, ndinapita kukaika mapanelo pa loji ina cha ku Nkopola, ndipo ndinapeza anyamata awiri akulumikiza nthambo ya fayiba imene inaduka. Anali ndi kamakina kam'bokosi kokhala ndi sikirini, ndipo anandiletsa ngakhale kukakhudza. Ine waya ukaduka ndimangosenda, kupota, kukulunga tepi, basi. Fayibayi ili ndi chiyani? Anayambitsa zimenezi ndani? Nanga nditasunga ndalama n'kugula makinawo, ndingadyepo?"

Zikomo achimwene. Mafunso mwafunsa atatu, koma mundilole ndiyambe ndi lomwe simunafunse, la kupota ndi kukulunga tepilo, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo.

Zaka zapitazo ndinali ndi kabenchi kotchajira mafoni pafupi ndi msika wa pa boma pano. Waya wochoka ku batire kupita ku inverter unali waufupi, ndiye ndinauwonjezera momwe mumachitiramo inu. Masana ena a Okutobala, dzuwa la ku Mangochi lili paliwombo, ndinamva fungo la pulasitiki. Tepi inali itasungunuka, kopa wada bii. Ndinagwira waya kumtunda, wozizira. Kumunsi, wozizira. Moto unali pa mfundo yanga yokha ija.

Chimachitika n'chakuti timawaya topotana timakhudzana m'malo ochepa, ndipo pakati pake pamadutsa mpweya ndi chinyezi. Kopa amada ndi dzimbiri, magetsi amavutika kuwoloka, ndipo pomwe akuvutikirapo pamatentha. Chitsulo chikatentha chimafutukuka, chikazizira chimabwerera, mfundo n'kumakhwepa tsiku ndi tsiku. Pa sola ndiye zoopsa kuposa m'nyumba ya ESCOM, chifukwa inverter ya mawati 600 pa batire la mavoti 12 imakoka ma amp 50 kapena kuposa. Onsewo akupanikizana pa timalo tochepa tija.

Vuto limeneli ndi lomwe linalemeretsa munthu wina wa ku America dzina lake Uncas Whitaker. Mu 1941 anayambitsa kampani ya Aircraft-Marine Products, imene inadzatchuka ndi dzina lakuti AMP, ndipo lero ili m'kampani ya TE Connectivity. Nthawi imeneyo mawaya a m'ndege ndi m'sitima zapamadzi ankalumikizidwa powotcherera ndi mtovu. Ntchitoyo inkadya nthawi, ubwino wake unkadalira dzanja la wowotchererayo, ndipo pamene mtovu wathera waya amauma gwa, n'kumathyokera pomwepo ndege ikamanjenjemera. Njira imene AMP inafalitsa ndi yopana: waya amalowa m'kapaipi ka chitsulo, ndipo chopanira chimafinya ndi mphamvu yoti timawaya ndi kapaipiko zimasanduka ngati chinthu chimodzi, mpweya osapeza polowera. Moto palibe, mtovu palibe.

Koma nzeru yeniyeni sinali pa kapaipiko. Inali pogulitsa kapaipi ndi chopanira chake ngati mtondo ndi munsi. Chopanira chabwino chili ndi mano amene salola kuti chitseguke musanafinye mpaka pamapeto, kotero wotopa ndi wamphamvu, wophunzira ndi katswiri, onse amatulutsa mfundo yofanana. Kenako kunabwera makina a m'fakitale. Tizitsulo timabwera titalumikizana pa mkombero waukulu ngati filimu, ndipo makina amadula waya pa muyezo, kusenda, kupana, n'kuponya m'thireyi mofulumira kuposa momwe diso lingatsatire. Makampani ngati Komax ya ku Switzerland amapanga makina otere. Mtolo wa mawaya uli kuseri kwa dashibodi ya minibasi ya ku Liwonde unapangidwa choncho, n'chifukwa chake umapirira mabampu zaka ndi zaka pamene mfundo ya amakanika yapansi pa mtengo imafuna kuigwedeza m'mawa uliwonse.

Zina mwa zinthu zimenezi mumazigwira kale. Kachitsulo kozungulira ka pa nthambo ya dishi kaja dzina lake ndi F connector, ndipo anakapanga Eric Winston ku kampani ya Jerrold Electronics kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950. Kuchenjera kwake n'koti kalibe msomali wakewake, waya wapakati wa nthamboyo ndiye msomali, n'chifukwa chake n'kotsika mtengo. Timapulagi takuda ta kuseri kwa panelo ndi MC4, ta kampani ya Multi-Contact imene tsopano ndi Stäubli, ndipo 4 ameneyo ndi mamilimita a msomali wake. Apa ndikuchenjezeni: ambiri amene timagula m'mashopu ndi ongofanizira, ndipo kulowetsa la fakitale ina m'la fakitale ina kumasiya kampata kamene kamatentha padenga pomwe simukuona. Ndaonanso anthu akupana MC4 ndi pulayala wamba. Chonde, ayi.

Tsopano fayiba. M'kati mwa nthambo ija mulibe kopa. Muli ulusi wa galasi, ndipo chimene chikuyendamo ndi kuwala. Ulusiwo kunenepa kwake ndi ma micron 125, ndipo micron imodzi ndi milimita yogawidwa ka 1,000, ndiye tinene kuti ndi wonenepa pang'ono kuposa tsitsi. Koma kuwala sikuyenda mu ulusi wonsewo. Kumayenda mu mtima wake wa ma micron 9 okha pa fayiba ya mitunda italiitali. Magetsi amangofuna kuti zitsulo zikhudzane, kaya chammbali kaya chopingasa. Kuwala kumafuna kuti mitima iwiriyo iyang'anizane ndendende. Mukaphonya ndi ma micron awiri kapena atatu, gawo lalikulu latayika. Ndipo galasi mukalipota mukudziwa chimene limachita.

Amene anatsegula njira ndi Charles Kao, wobadwira ku Shanghai, akugwira ntchito ku Harlow ku England. Mu 1966 iye ndi George Hockham analemba kuti chimene chimapha kuwala m'galasi ndi zitsotso za m'galasimo, osati galasi lenilenilo. Masiku amenewo kuwala kukayenda mamita 20 okha kunkatsala gawo limodzi mwa magawo 100. Mu 1970 Robert Maurer, Donald Keck ndi Peter Schultz a ku Corning anapanga ulusi woyera mokwanira, ndipo Kao anadzalandira mphoto ya Nobel mu 2009. Chaka chomwecho nthambo ya pansi pa nyanja ya SEACOM inayamba kugwira ntchito kugombe la kum'mawa kwa Africa, EASSy n'kutsatira mu 2010. Ife opanda gombe timakatapa kumeneko kudzera kwa anansi athu, ndipo m'dziko muno ina mwa fayiba imayenda pa mapolo a ESCOM.

Galasi litayera, mutu unasamukira polumikizira. Kuwala kotayika amakuyeza m'ma dB, ndipo ma dB 3 ndiye kuti theka lapita. Fayiba ya lero imataya pafupifupi 0.2 dB pa kilomita. Pulagi imodzi yotaya 0.5 dB yadya kuwala kofanana ndi kwa makilomita awiri ndi theka a nthambo. Onani pamene pali mbava.

Kamakina munakaona kaja ndi fusion splicer, ndipo otchuka popanga ndi a ku Japan: Fujikura, Sumitomo ndi Furukawa. Mmisiri amasenda chikopa cha ulusi, kuupukuta ndi isopropyl alcohol, n'kuudula ndi chida chotchedwa cleaver. Chida chimenechi sichidula ngati sizasi. Chimakanda galasi pang'ono n'kulithyola kuti nkhope yake ikhale yosalala ndi yowongoka, yosapendekeka kufika ngakhale digiri imodzi. Akaika nsonga ziwirizo m'makina, timakamera timaziyang'ana mbali ziwiri, timamota n'kuzisuntha mpaka mitima italunjikana, kenako kamphezi kakang'ono kamadumpha pakati pa misomali iwiri n'kusungunula galasilo kuti likhale limodzi. Masekondi khumi sakwana. Pamwamba amavekapo kapaipi ka pulasitiki kokhala ndi kachitsulo, n'kukawotcha m'kauvuni ka pa makina pomwepo. Mfundo yabwino imataya kochepera 0.1 dB. Anyamata aja pokuletsani kukhudza sikunali kudzimva. Thukuta la chala chanu likanawabwezera poyambira.

Kuwotcherera n'kwa mfundo yosamasulanso. Pamene pamafunika kuzula ndi kubwezera, monga kuseri kwa rauta, pamafunika pulagi, ndipo apa ndi pomwe akatswiri anapikisana kwambiri. Kampani ya AT&T inatulutsa ST, yolowetsa n'kupotoza ngati babu lakale. NTT ya ku Japan inatulutsa FC yomanga ngati bawuti, kenako SC ya makona anayi yongokankha n'kumva "thi", m'zaka za m'ma 1980. Lucent inabwera m'ma 1990 ndi LC, theka la SC kukula kwake, yokhala ndi kakhwapa ngati pulagi ya nthambo ya kompyuta. Zonsezi mtima wake ndi kandodo koyera kotchedwa ferrule, ka zirconia, kokhala ngati dothi la mbale zoyera koma kolimba kwambiri, kobooledwa pakati kabowo koti ulusi ulowe wokhawokha. Ka SC ndi mamilimita 2.5, ka LC ndi 1.25.

Ku fakitale amathira guluu m'kabowoko, kulowetsa ulusi, kuumitsa mu uvuni, kenako makina amapukuta nsonga zambirimbiri pakamodzi pa mapepala a fumbi la dayamondi, kuyambira lokhakhala kutsirizira losalala, n'kuyang'ana iliyonse pa maikulosikopu. Zimenezi pansi pa mtengo wa mango sizitheka. N'chifukwa chake amisiri amagula kanthambo kafupi kokhala kale ndi pulagi, kotchedwa pigtail, n'kukawotcherera ku nthambo yaikulu.

Pali chinthu chimodzi chimene chimagwetsa ngakhale anthu ozolowera. Mapulagi ena ndi abuluu, ena obiriwira. Abuluu nsonga yake ndi yowongoka. Obiriwira anaipendeketsa madigiri 8 kuti kuwala kobwerera m'mbuyo kuthawire kumbali. Kupatula mtunduwo, maonekedwe ndi amodzi ndipo amalowana bwinobwino, koma mukakumanitsa wabuluu ndi wobiriwira pamatsala mpata, kuwala kumatayika, ndipo nsonga zimatha kukandana. Chinanso ndi fumbi lathu lino. Kafumbi kamodzi kamakwanira kuphimba mtima wa ma micron 9, ndiye tizivindikiro tija musataye, ndipo mwera ukamakuntha musagwirire ntchitoyi poyera. Musasuzumirenso m'nsonga ya fayiba kuti muone ngati ikuyaka. Kuwala kwake diso silikuona, koma kumaliwononga. Tizidutswa ta galasi tomwe cleaver imasiya muzitimata pa tepi n'kutaya mosamala, chifukwa kakalowa m'chala kapena kugwera mu nsima simukapezanso.

Nanga mugule makinawo? Ine ndikuti osati pano. Ngakhale otsika mtengo a ku China ndalama yake ndi yoti munthu angaganizire njinga yamoto ya kabaza, misomali yake imatha ndipo imafuna kusintha, ndipo ntchito zazikulu za fayiba zimapita kwa makampani amene ali kale ndi anthu awo. Makina ogona m'kabati kudikira kuti thirakitala idule nthambo sabweza ndalama. Ndalama yoyamba ipite ku chopanira chamano cha MC4 ndi cha malagi a batire (tizitsulo tomangira waya ku batire), china cha F connector, ndi cha RJ45, pulagi ya nthambo ya kompyuta, pamodzi ndi kotesitira kake. Zimenezi zikuchotserani mafoni a makasitomala odandaula mwezi uno womwe. Za fayiba yambani ndi chosendera, cleaver yabwino, katochi kofiira koonetsa pomwe ulusi wathyoka, ndi mita yoyezera kuwala. Pa cleaver musaumire, chifukwa ngakhale splicer yodula bwanji singakonze nkhope yodulidwa mokhota. Alipo mapulagi omangira pamalo pomwepo opanda kuwotcherera, okhala ndi mafuta apadera m'kati othandiza kuwala kuwoloka. Amataya kuwala kochulukirapo ndipo sindimawakhulupirira pamalo otentha kwa zaka zambiri, koma pophunzirira ndi pokonza mwachangu amathandiza. Ndipo mukawapezanso anyamata aja, apempheni muziwanyamulira makwerero. Manja amaphunzira poona.

Msika umene ndikuuona ine uli m'mphepete mwa nyanja momwe mukuyenda kalemo, kuyambira ku Nkopola ndi Makawa mpaka ku Monkey Bay ndi Chembe. Maloji ndi masukulu ali ndi nyumba zotalikirana, ndipo nthambo ya kopa ya kompyuta malire ake ndi mamita 100. Kuwonjezera apo, nyengo ya mvula mphezi ikagwa pafupi, kopa woyalidwa panja amanyamula mphamvuyo n'kukapsereza zida mbali zonse ziwiri. Galasi silinyamula magetsi. Mutha kuyitanitsa nthambo ya fayiba yoikidwa kale mapulagi ku fakitale, ya mamita 200 kapena 300, kuidutsa m'paipi pansi osaipinda mokhota kwambiri, n'kuika uku ndi uku kabokosi kotchedwa media converter, kosintha magetsi a nthambo ya kompyuta kukhala kuwala ndi kuwala kukhala magetsi. Splicer siifunika n'komwe. Poyitanitsa muyeze mtunda ndi chingwe, osati ndi maso, muwonjezere mamita angapo osungira, ndipo muonetsetse kuti mapulagi a nthamboyo ndi mtundu umodzi ndi mabowo a timabokosito, SC kwa SC, buluu kwa buluu.