Musasiye mapilitsiwo achemwali, bwererani kusikelo

Achemwali, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mwati muli ndi pakati pa miyezi 5, kusikelo munapitako kamodzi kokha, anakupatsani mapilitsi owonjezera magazi koma munasiya kumwa chifukwa cha nseru komanso chimbudzi chinayamba kuda. Pano mukumva chizungulire, mtima ukuthamanga, ndiye mukufunsa ngati kudya bwino kokha kungakwane. Kunena mosapsatira mawu, sikungakwane. Zomwe mukumvazo ndi zizindikiro za kuchepa kwa magazi, ndipo ndikupempheni kuti sabata ino isathe musanakayezetse.

Ine zinandichitikira pa mimba yanga yachiwiri. Ndinkati ndikawerama kuchapa, podzuka maso ankachita mdima mpaka kugwira khoma. Kamtunda kakang'ono ndinkafika ndili wefuwefu. Chondichititsa manyazi chinali chilakolako cha dothi, moti ndinkabisa kachibuma m'thumba. Tsiku lomwe ndinapita kusikelo, anamwino anangonditsitsa chikope cham'munsi n'kuyang'ana zikhatho zanga, zonse zili mbuu. Atandiyeza magazi anandiuza kuti ngakhale dothi lija ndinkalifuna chifukwa thupi linkasowa ayironi.

Munthu ukakhala woyembekezera magazi amachuluka ndi pafupifupi theka la omwe unali nawo, kuti akwanire iwe ndi mwana. Kuti thupi lipange magazi amenewo limafuna ayironi, ndipo mwanayo amatapa wake kwa iwe, sadikira kuti ukhale naye wokwanira. N'chifukwa chake bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti mayi aliyense woyembekezera azimwa ayironi wa mamiligalamu 30 mpaka 60 pamodzi ndi vitamini wa folic acid (zomwe zimakhala m'mapilitsi owonjezera magaziwo) tsiku lililonse, ngakhale amene amadya bwino. Poyeza amaona nambala ya Hb, yomwe imasonyeza ngati magazi ali okwanira m'thupi. Ikatsika pansi pa 11 ndiye kuti magazi achepa, ikafika pansi pa 7 zafika poopsa ndipo ena amawaika magazi. Mukapita mufunse nambala yanu, ailembe m'buku lanu.

Chomwe chimandiopsa ine ndi tsiku lochira. Mayi aliyense amataya magazi pobereka. Amene ali ndi magazi okwanira thupi limapirira, koma amene anali ochepa kale, ngakhale atataya pang'ono moyo umakhala pachiswe. Mwananso amatha kubadwa masiku asanakwane kapena ali wochepa thupi kwambiri.

Za chimbudzi chakudacho mtima ukhale m'malo, ndi mmene ayironi amachitira, si matenda. Nseruyo ndiye yovutadi, sindikutsutsani. Ine chinandithandiza ndi kumwa piritsi usiku nditadya, n'kupita kukagona. Ngati mukudzimbidwa, onjezerani madzi ndi zipatso. Zikakanikabe auzeni anamwino, pali njira zina zomwera zomwe angakupatseni, kusiyana n'kungosiya mwakachetechete. Chinanso chomwe ambiri sitiuzidwa: musamwere piritsili tiyi kapena khofi, chifukwa zimatchinga ayironi kuti asalowe bwino m'thupi. Papite ola limodzi kapena awiri. Lalanje kapena chipatso china chowawasa ndiye chimathandiza kuti alowe.

Chakudya ndichofunikabe. Nyama, nsomba, mazira, nyemba ndi masamba obiriwira muzidya mosinthasintha monga mwa m'thumba mwanu. Ayironi wa m'nyama ndi nsomba thupi limamulandira mosavuta kuposa wa m'masamba. Dothilo ngati nanunso mukulilakalaka musadye, limabweretsa njoka za m'mimba zomwe zimamalizanso magazi omwewo.

Kusikelo sikongokwera sikelo ayi. Kuyambira 2016 WHO imati mayi aonedwe kosachepera ka 8, ulendo woyamba mimba isanapitirire masabata 12. Inu mwatsalira, koma simunachedwe, ndipo manyazi oti akakukalipirani asakutsekereni pakhomo. Kumeneko akakuyezani kuthamanga kwa magazi, HIV ndi chindoko, akamvera mtima wa mwana, akakupatsani mankhwala a njoka za m'mimba. Ngati kwanuko kuli malungo, akakupatsaninso mankhwala oteteza ku malungo a SP, omwe ambiri timangoti Fansidar, ndipo muzigona m'neti usiku uliwonse. Malungo amaphwanya magazi, ndipo mwa mayi woyembekezera amatha kubisala osamva n'kutentha thupi komwe.

Koma izi musadikire nazo tsiku la sikelo: kutaya magazi kapena madzi, mutu waukulu wosasiya, kuona zinthu mwachimbuuzi, kutupa nkhope ndi manja, kutentha thupi, kubanika mutangokhala, kapena mwana kusiya kusuntha atayamba kale. Chimodzi mwa izi chikachitika, kaya ndi pakati pa usiku, nyamukani wa kuchipatala.

Popeza mukumva chizungulire, musayende nokha. Bambo a kunyumba kapena m'bale akuperekezeni, amve nawo zomwe anamwino anene. Mukabwerako mudzatiuze muno kuti Hb yanu yapezeka pa chiyani, ine ndikhala ndikudikira.