Pasiwedi ya rauta: kodi kampani iyenera kukupatsani?

Achimwene, mwafunsa ngati kampani ya intaneti ikulondola kukumanani pasiwedi ya admin ya rauta yomwe inakuikirani pakhomo. Kwa ine, pali zinthu zomwe sayenera kukutsekerani n'komwe: kusintha dzina ndi pasiwedi ya Wi-Fi, kuona mafoni onse amene alumikizidwa, ndi kuchotsa amene simukuwadziwa. Wolipira ndinu. Mwana wa aneba akamadya bandulo yanu usiku, muzitha kumutsekera nokha, osachita kudikira tekinishani.

Koma mbali yolumikiza rauta ku netiweki yawo ndi nkhani ina. Makampani ambiri amakonza marauta ali kuofesi kwawo kudzera pa TR-069 (njira yoyendetsera rauta uli kutali), ndipo mukangosokoneza VLAN kapena PPPoE (masetingi olumikizira rauta ku netiweki yawo), intaneti imathima, iwo n'kuwotcha mafuta kubwera kudzakonza. Pamenepo ndimawamvetsa.

Apempheni aike chipangizo chawocho pa bridge mode, kutanthauza kuti chizingodutsitsa intaneti basi, inu mugule rauta yanu n'kuilumikiza kumeneko, kuti za m'nyumba mwanu muziyendetsa nokha. Si pempho lachilendo ayi. Ku Germany, kuyambira 2016, lamulo limalola kasitomala kugwiritsa ntchito rauta yakeyake. Akakana, auzeni alembe chifukwa chake, kalatayo mupite nayo ku MACRA, bungwe loyang'anira makampani a mafoni ndi intaneti m'Malawi.