Nyimbo zakana kulira pa kompyuta? Musathamangire kufomata

Achimwene ena a ku Luchenza, amene amaika nyimbo m'mafoni a anthu pamsika, andilembera kuti Windows Media Player yawo, pulogalamu yoimbira nyimbo pa kompyuta, yasiya kuimba. Nyimbo zikuoneka pamndandanda, koma akadina sizikulira, ndipo wokonza wina wawauza kuti afomate kompyuta yonse.

Achimwene, musafomate. Malangizo amenewa amandiwawa mtima. Munthu amataya nyimbo zimene wasonkhanitsa zaka zambiri, zamakwaya a kumpingo, zojambulidwa pa ukwati, zina zoti sadzazipezanso, amalipiranso ndalama, koma mawa lake vuto n'kubwereranso chifukwa silinali mu Windows n'komwe.

Yambani mwaona kukula kwa fayilo ya nyimbo imene sikulirayo. MP3 ya 128 kbps imatenga pafupifupi 1 MB pa mphindi imodzi, choncho nyimbo ya mphindi zinayi ikhale cha m'ma 4 MB. Mukapeza 0 KB, nyimboyo inafa pokopera, mwina magetsi anathima kapena wina anazula fulashi isanamalize. Palibe pulogalamu imene ingaidzutse. Mukapeza 1 KB kapena 2 KB, pachithunzi pake pali kamuvi pakona, imeneyo si nyimbo ayi, ndi shortcut, kafayilo kongoloza kwina, yoikidwa ndi vairasi ya m'mafulashi. Nyimbo zenizeni yangozibisa. Musadine kamuviko, chifukwa podinapo ndi pamene mumaidzutsa. Yeretsani kompyuta ndi antivirus kaye, kenako tsegulani cmd, kawindo kakuda kolembamo malamulo a Windows, mulembe attrib -h -r -s /s /d E:\*.* ndipo pamalo pa E muike chilembo chimene Windows yapatsa fulashi yanu. Mafoda abwerera poyera.

Ndipo nkhani ya mafulashi ndiinene mosabisa, chifukwa pantchito ngati yanu, pamene kompyuta imodzi imalandira ma memory card a anthu osiyanasiyana tsiku lonse, vuto nthawi zambiri limayambira pamenepa. Pali mafulashi achinyengo olembedwa 64 GB pomwe m'kati mwake muli malo ochepa kwambiri. Windows imakhulupirira zolembedwazo, imakopera bwinobwino, mayina a nyimbo amaoneka, ngakhale kukula kwake kumaoneka kolondola. Koma malo enieni akadzaza, zotsalazo zimangotayika kapena kupondereza zakale. Kasitomala amafika kwawo ku Thekerani, nyimbo theka sizikulira, n'kumati mwamubera ndinu. Fulashi yotsika mtengo modabwitsa muiyeze ndi kapulogalamu kaulere ka H2testw musanaikemo kanthu: kamadzaza fulashi yonse n'kuwerenganso, kenako kamakuuzani malo enieni. Kamachedwa, koma ine ndikuti wogulitsa nyimbo aliyense ayenera kukhala nako. Komanso nyengo ya chiperoni musasiye mafulashi pawindo. Chinyontho chimadyetsa dzimbiri timano take, ndipo imayamba kumangoduka pakati pa nyimbo.

Ma codec pack, mitolo ya timapulogalamu tothandiza kompyuta kuwerenga mitundu yosiyanasiyana ya nyimbo, amene amabwera pa fulashi ya mnzanu musawalandire. Ambiri amalimbana ndi amene ali kale mu Windows, ena amabwera ndi zoipa zina.

Ngati fayilo ili bwino

Ikani VLC, pulogalamu ina yoimbira nyimbo; ndi yaulere ndipo imabwera ndi ma codec akeake. Nyimbo ikalira mu VLC, ndiye kuti vuto ndi Windows Media Player. Pa Windows 7, imene Microsoft inasiya kuisamalira mu Januwale 2020, Windows Media Player siiwerenga nyimbo za mtundu wa FLAC kapena mafayilo a .opus ochokera ku WhatsApp. Kusintha dzina kukhala .mp3 sikuthandiza, muyenera kuisandutsa ndi Convert ya mu VLC.

Koma inu mwati nyimbo zikuoneka pamndandanda, ndiye ndikukayikira china. Mndandanda umangosunga njira yopita ku nyimbo. Ngati hard drive yolumikiza ndi chingwe, imene muli nyimbo zanu, inali E: lero yakhala F: chifukwa munayamba mwalowetsa card reader, njira zonse zasokonekera. Bwezerani chilembo chakalecho mu Disk Management, malo a mu Windows osinthira zilembo za ma drive. Zikakanika, tsekani Windows Media Player, dinani Windows ndi R n'kulemba services.msc, imitsani Windows Media Player Network Sharing Service pamndandanda umene utseguke, kenako dinani Windows ndi R, mulembe %LOCALAPPDATA%\Microsoft\Media Player, n'kufufuta mafayilo othera ndi .wmdb. Nyimbo zanu sizikhudzidwa, mndandanda umadzimanganso wokha.

VLC nayonso ikakhala chete pomwe kamzere ka nthawi kakuyenda, onani sipika imene Windows yasankha. Mukalumikiza TV ndi chingwe cha HDMI, mawu amasamukira komweko.